Kutsika Mtsetse Osagwa

Dera la Assumane lili mumzinda wa Lichinga. Lichinga ndi likulu la cigawo ca Niassa. Mzinda wathu uli pamwamba kwambiri. Uli mamita oposa 1,300 pamwamba pa nyanja yamcere. N'cifukwa cake kuno kumazizira m'miyezi ya Juni ndi Julayi.

Munthu wokhala pamwamba amatsika tsiku ndi tsiku. Timatsika popita kudambo. Timatsika pokatunga madzi, pokacapa ndi pokatola nkhuni. Amayi amatsika ndi mwana kumsana. Atate amatsika panjinga, thumba la makala lili kumbuyo.

Mvula ikagwa, dothi lofiira limaterera ngati therere. Pamenepo anthu amagwa. Ndowa imasweka, madzi amatayika. Nthawi zina mwana amathyoka mkono. Mwana wothyoka mkono amavutika kugwira pensulo, ndipo amakhala masiku ambiri osapita kusukulu.

Kutsika mtsetse ndi luso. Luso limeneli timaliphunzira monga timaphunzirira kuwerenga. Lili ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi kukhazika thupi. Yaciwiri ndi kuponda ndi mphepete. Tiyeni tione anthu amene amalidziwa bwino luso limeneli.

1. Anthu otsetsereka pamatabwa

Kuno timadziwa matalala. Matalala ndi olimba, ndipo amasungunuka msanga. Kumaiko ozizira kwambiri kumagwa cinthu cina. Dzina lake ndi cipale cofewa. Ndi coyera ngati ufa woyera, ndipo ndi cofewa ngati thonje. Cimakwirira minda, misewu ndi mapiri kwa miyezi ingapo. Munthu akaponda, phazi limalowa pansi.

Anthu a kumeneko anapeza nzeru kalekale. Anasema matabwa awiri aatali, n'kuwamangirira kumapazi. Matabwa amenewa dzina lake ndi ski. Mawu akuti ski anacokera ku Norway. M'cinenero cao cakale ankatanthauza mtengo wowaza. Ndi ski munthu satitimira. Amayenda pamwamba pa cipale cofewa. Akafika pamtsetse, amatsetsereka ngati bwato pamadzi.

Poyamba ski anali a paulendo ndi a kosaka nyama. Kenaka anasanduka masewera. Sondre Norheim anabadwa m'caka ca 1825 m'mudzi wa Morgedal ku Norway. Iye ankamanga cidendene ku ski ndi mizu yopota, kuti phazi ligwire bwino. Ankakhota ndi kuima mokongola. M'caka ca 1868 anapambana mpikisano mumzinda wa Christiania, umene lero ndi Oslo.

Mpikisano waukulu wa Olimpiki wa nyengo yozizira unayamba m'caka ca 1924 ku Chamonix, m'dziko la France. Masewera otsika phiri pa ski analowa mumpikisanowu m'caka ca 1936. Akatswiri ake amathamanga makilomita oposa 100 pa ola limodzi. Liwiro limeneli limaposa la galimoto zambiri za pamsewu wathu.

Anthu a mu Africa naonso amasewera. Lamine Guèye wa ku Senegal anapikisana ku Sarajevo m'caka ca 1984. Mialitiana Clerc anaimira dziko la Madagascar m'caka ca 2018, ali ndi zaka 16. Madagascar ndi cilumba cacikulu cimene cili kutsidya kwa nyanja yamcere, kum'mawa kwa Moçambique. Ndipo ku Lesotho, m'mapiri a Maloti, cipale cofewa cimagwa m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti. Kumeneko kunamangidwa malo otsetsereka pa ski. Dzina lake ndi Afriski.

Kuno ku Lichinga cipale cofewa sicigwa. Koma phiri loterera ndi njira yamatope zimagwetsa munthu mofanana. Zimene amacita wa pa ski kuti asagwe zingatithandize ifenso.

2. Kukhazika thupi

Tengani botolo. Liimikeni patebulo. Likankheni pang'ono ndi cala. Botolo lagwa. Tsopano tengani mphika. Ukankheni ndi cala comweco. Mphika sunagwe.

Botolo ndi lalitali, ndipo pansi pake ndi popapatiza. Mphika ndi waufupi, ndipo pansi pake ndi potambalala. Cinthu cacifupi ndi cotambalala pansi sicigwa msanga. Onaninso mafuwa a kukhichini. Amayi amawatalikitsa bwino kuti mphika ukhazikike.

Thupi lathu lili cimodzimodzi. Kulemera kwa thupi kumasonkhana pakati, pafupi ndi mcombo. Mcombo ukakhala pamwamba pa mapazi, munthu amaima bwino. Mcombo ukapita kutali ndi mapazi, munthu amagwa.

Wa pa ski amadzisandutsa mphika. Amatalikitsa mapazi molingana ndi ciuno cake. Amapinda mawondo ndi akakolo pang'ono. Amawerama pang'ono. Manja amawaika patsogolo. Mawondo opinda amafewa. Akakumana ndi bampu, mawondo amapindika ndi kuwongoka, mutu osagwedezeka. Mawondo ouma ali ngati ndodo. Bampu ikawagunda, thupi lonse limadumpha.

Pali cinthu cimodzi cimene cimagwetsa ambiri amene akuphunzira ski. Cinthu cimeneci ndi mantha. Munthu akaona mtsetse amaopa. Akaopa amabweza msana kumbuyo. Akatero mapazi amathawira kutsogolo, iye n'kugwa cagada. Aphunzitsi a ski amawauza kuti thupi lizipita pamodzi ndi mapazi. Panjira yamatope zimacitikanso comweco. Amene amakhalira kumbuyo ndi amene amakhala pansi ndi matako.

Kodi ndani amatiuza kuti tapendekeka? Tili ndi alonda atatu. Mlonda woyamba ndi maso. Maso amaona njira. Mlonda waciwiri ndi mapazi. Mapazi amamva ngati pansi pali polimba kapena poterera. Mlonda wacitatu ali mkati mwa khutu. M'khutu lililonse muli timipope titatu topindika. M'timipope timeneti muli timadzi. Mutu ukatembenuka, timadzi timayenda, ndipo ubongo umadziwa. Mukazungulirazungulira posewera kenaka n'kuima, timadzi timapitirira kuyenda. N'cifukwa cake mumamva cizungulire.

Alonda atatuwa amagwira nchito pamodzi. Usiku maso saona bwino. Ndiye usiku tiyenera kutsika pang'onopang'ono kuposa masana.

3. Mphepete imaluma

Tonse timalidziwa khasu. Ligonekeni pansi, mulikoke. Khasu likungotsetsereka pamwamba pa dothi. Tsopano lipendeketseni kuti kukamwa kwake kuloze pansi. Likokeninso. Khasu laluma dothi.

Ski amagwira nchito ngati khasu. Pansi pake ndi posalala. Akagona bwinobwino, amaterera. M'mbali mwake muli mphepete yakuthwa. Akapendekeka, mphepete imaluma, ndipo munthu amaima kapena amakhota.

Kale mphepete ya ski inali ya mtengo. Inkatha msanga, ndipo pamadzi oundana sinkaluma. M'zaka za m'ma 1920 Rudolf Lettner wa ku Austria anakhomerera tizitsulo topyapyala m'mphepete mwa ski. Kuyambira pamenepo anthu anatha kukhota ndi kuima ngakhale pamalo olimba ndi oterera. Ski otsikira phiri a masiku ano ali ndi mphepete zacitsulo.

Wa pa ski sapendeketsa ski ndi manja. Amagwiritsa nchito akakolo ndi mawondo. Akaima copingasa paphiri, amakankhira mawondo ku mbali ya kumtunda. Mphepete ya kumtunda imaluma, iye n'kuima nji. Akabweza mawondo pang'ono, ski amagona, iye n'kuyamba kutsetsereka cam'mbali. Akapendeketsanso, amaimanso. Ophunzira amacita zimenezi kambirimbiri: kuluma, kumasula, kuluma, kumasula. Amacita mpaka mapazi atazolowera.

Mbuzi nayo imadziwa zimenezi. Yang'anani ciboda ca mbuzi. M'mphepete mwake ndi molimba. Pakati pake ndi pofewerapo. Mphepete yolimba imakola pa kamwala kakang'ono. Pofewa pamagwira ngati mphira. N'cifukwa cake mbuzi imayenda pathanthwe osagwa.

Phazi lathu lilinso ndi mphepete. Lili ndi mbali ya kunja, kumene kuli cala cacing'ono. Lili ndi mbali ya mkati, kumene kuli cala cacikulu. Pamtsetse woterera, tembenukani cam'mbali. Pondani ndi mbali ya phazi imene yayang'ana kumtunda. Mbali imeneyo imalowa m'dothi ngati khasu. Imapanga kasitepe kakang'ono kopondapo.

4. Malembo atatu: A, Z ndi S

M'kalasi tikuphunzira malembo. Malembo atatu angatikumbutse za kutsika.

Loyamba ndi A. Mwana akayamba kuphunzira ski, amayandikitsa nsonga za ski kutsogolo. Zidendene amazikankhira kunja. Ski awiri aja amaoneka ngati lembo A. Mphepete zamkati zimaluma, ndipo liwiro limacepa. A akatambalala, mwana amayenda pang'onopang'ono. A akatambalala kwambiri, mwana amaima. Phunziro loyamba la ski ndi limeneli. Mwana amaphunzira kuima asanaphunzire kuthamanga.

Laciwiri ndi Z. Madzi amvula amatsika phiri molunjika. Amathamanga, n'kukumba cigwembe. Munthu wanzeru satsata njira ya madzi. Amayenda copingasa kupita kumanja. Kenaka amatembenuka, n'kuyenda copingasa kupita kumanzere. Njira yake imalemba Z. Njira ya Z ndi yaitali, koma ndi yosatsetsereka kwambiri. Kumunda wa pamtsetse timacitanso cimodzimodzi. Timalima mizere copingasa kuti madzi asathamange ndi kukokolola nthaka.

Lacitatu ndi S. Katswiri wa ski sakhota mwadzidzidzi. Amakhota mofewa, ndipo kumbuyo kwake kumatsala mzere wonga S. Ski otsikira phiri ndi opapatiza pakati, otambalala kunsonga ndi kumbuyo. Akapendekeka n'kupondedwa, amapindika pang'ono. Akapindika, amakhota okha. Pokhota, katswiri amaponda kwambiri ndi phazi la kunja kwa khota. Akakhotera kumanzere, amalemera pa phazi lamanja. Akakhotera kumanja, amalemera pa phazi lamanzere. Khota lililonse limadya liwiro pang'ono.

Misewu ya m'mapiri nayo imalemba S. Kucokera ku Lichinga kupita ku Meponda, m'mbali mwa nyanja ya Niassa, pali makilomita pafupifupi 60. Madzi a nyanja ya Niassa ali mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamcere. Ndiye kuti wopita ku Meponda amatsika mamita oposa 800. Msewu sungatsike mtunda wotere molunjika. Umakhotakhota kuti galimoto ndi njinga zifike bwino.

5. Potsika wapansi

Tsopano tiyeni tiike zonse pamodzi. Mvula yagwa usiku. Inu mukutsika njira ya kudambo. Mucite ciyani?

Coyamba, imani pamwamba. Yang'anani njira yonse. Sankhani pamene muponde. Dothi lonyezimira ndi loterera. Ndere zobiriwira nazo ndi zoterera. Pa udzu, pa mizu youma ndi pa miyala yokhazikika phazi limagwira bwino.

Caciwiri, pindani mawondo pang'ono. Mcombo ukhale pamwamba pa mapazi. Musabweze msana kumbuyo.

Cacitatu, yendani ndi mapazi afupiafupi. Phazi likapita patali, limaterera. Phazi limodzi likhazikike, kenaka musunthe linalo.

Cacinayi, pamene patsetsereka kwambiri, tembenukani cam'mbali. Pondani ndi mphepete ya phazi. Phazi la kumunsi liyambe, la kumtunda litsatire. Ngati pali malo, lembani Z.

Cacisanu, manja akhale omasuka. Kukazizira timakonda kubisa manja m'matumba kapena mkati mwa juzi. Pamtsetse atulutseni. Manja amathandiza thupi kukhazikika. Mabuku akhale m'thumba la kumsana.

Nanga nsapato? Mapatapata akanyowa, phazi limaterera mkati mwake. Nsapato yosalala pansi ili ngati khasu logona. Nsapato ya mano pansi imaluma dothi. Ngati muli ndi mapatapata okha, ndipo panjira palibe minga kapena magalasi osweka, ndi bwino kuwavula pamalo oterera. Zala za kuphazi zimagwira dothi.

Musathamange pamtsetse wonyowa. Musakankhane. Ngati mukutsika ndi mng'ono wanu, inu mukhale kumunsi, iye kumtunda. Mumgwire dzanja. Akuluakulu amati kuthamanga sikufika.

6. Ndi ndowa pamutu

Amayi ndi acemwali amasenza ndowa yodzaza osataya madzi. Ayang'anitsitseni. Khosi lao limawongoka. Mutu sugwedezeka. Maso amayang'ana patsogolo. Mawondo ndi ciuno ndi zimene zimayenda. Akatswiri a ski amacita cimodzimodzi: miyendo imagwira nchito, mapewa ndi mutu zili phee.

Koma ndowa ikakhala pamutu, munthu amasanduka botolo. Kulemera kumakwera pamwamba. Kugwa kumakhala kosavuta. Madzi naonso amalemera. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Cigubu ca malita 20 cimalemera makilogalamu 20. Ana ambiri a kalasi yoyamba amalemera pafupifupi comweco. Cigubu cotere si ca mwana wamng'ono. Mwana atenge kandowa kakang'ono kapena kacigubu ka malita asanu.

Madzi a m'ndowa amakhavukira uku ndi uku. Akakhavuka, amakoka mutu. Musadzaze ndowa mpaka pakamwa. Anthu ena amaika masamba oyera pamwamba pa madzi kuti asakhavuke. Nkhata ikhale yopota bwino, kuti ndowa ikhale pakati pa mutu.

Mukaterera muli ndi ndowa, itayeni kumbali. Madzi mukatunga ena. Khosi ndi limodzi.

7. Panjinga

Ku Lichinga njinga imagwira nchito yaikulu. Imanyamula makala, nkhuni, cimanga, nyemba ndi mbatata ya kacewere. Imanyamula odwala kupita kucipatala. Ana ambiri amakwezedwa pa kaliyala. Ena a inu mudzayamba kupalasa posacedwa. Mverani bwino.

Musanatsike, yesani mabuleki onse awiri. Yang'anani timphira ta mabuleki ngati sitinathe. Yang'anani matayala. Tayala latsopano lili ndi mano. Mano amenewo amaluma dothi monga mphepete ya ski. Tayala losalala limaterera.

Pamtsetse kulemera kwa njinga kumathamangira ku gudumu la kutsogolo. Mukafinya buleki ya kutsogolo yokha mwamphamvu, gudumu la kumbuyo limanyamuka. Wokwera amaulukira kutsogolo. Mukafinya ya kumbuyo yokha mwamphamvu, gudumu la kumbuyo limakhululuka. Finyani mabuleki onse awiri mofatsa. Yambani kufinya muli pamwamba, liwiro lisanakule. Mvula ikagwa, mabuleki amacedwa kugwira, cifukwa mkombero wa gudumu wanyowa. Pamenepo yambani kufinya msanga kuposa masiku onse.

Zigongono zikhale zopinda pang'ono. Mawondo akhale ofewa. Pamtsetse waukulu sunthirani kumbuyo kwa cishalo pang'ono, kuti thupi likhale pakati pa magudumu awiri.

Cepetsani liwiro musanafike pakhota. Pokhota, njinga imapendekeka, ndipo imayenda ndi mphepete ya tayala. Phazi la kunja kwa khota likhale pansi, likuponda copalasira mwamphamvu. Phazi la mkati likhale pamwamba, kuti copalasira cisagunde dothi. Kumbukirani wa pa ski uja: nayenso amalemera pa phazi la kunja. Yang'anani kumene mukufuna kupita. Mukayang'anitsitsa mwala, njinga imalunjika pamwalapo.

Katundu amangidwe zolimba ndi mphira. Akhale pansi, ndipo alemere mofanana mbali zonse. Matumba osanjikiza mpaka pamwamba amasandutsa njinga botolo. Ngati mtsetse wakula, kapena mabuleki ndi ofooka, tsikani. Kankhani njinga, dzanja lili pa buleki. Palibe manyazi pamenepo.

Mukakwezedwa pa kaliyala, khalani cotang'adza. Gwirani ciuno ca atate kapena ca acimwene. Mapazi akhale kutali ndi masipoko. Musatembenuke mwadzidzidzi. Njinga ikapendekeka pokhota, pendekekani nayo pamodzi. Ngati mwaopa, nenani kuti, "Atate, tacepetsani liwiro." Pamsewu wa m'dziko lathu timayenda kumanzere.

8. Mukagwa

Ngakhale akatswiri amagwa. Ophunzira ski amaphunzitsidwa kagwedwe kabwino. Akaona kuti akugwa, amafupikitsa thupi. Amagwera cam'mbali, ku mbali ya kumtunda. Kumtunda ndi pafupi. Kumunsi ndi kutali.

Inunso citani comweco. Pindani mawondo. Khalirani pa nchafu, ku mbali ya kumtunda. Musawongole mkono kuti mutsamire cikhatho cokha. Mkono wowongoka umathyoka msanga. Cibwano cikhale pafupi ndi cifuwa, kuti mutu usagunde pansi.

Mukagwa, musadzuke mothamanga. Yambani mwamva thupi lanu. Kodi mkono ukuyenda? Kodi mwendo ukuponda? Kenaka ikani mapazi kumunsi, copingasa, n'kudzuka. Mukafika kunyumba kapena kusukulu, auzeni amayi kapena aphunzitsi. Musabise cifukwa coopa kukalipiridwa.

9. Tiyeni tisewere

Masewera awa ndi a pabwalo la sukulu kapena la pakhomo.

Kakowa. Imani ndi mwendo umodzi. Werengani mpaka 10. Sinthani mwendo. Tsopano tsinzinani, muyesenso. Kodi ndi liti pamene panavuta? Ndi mlonda uti amene anagona?

Botolo ndi mphika. Khalani awiriawiri. Mmodzi aphatikize mapazi, awongole mawondo. Mnzake amkankhe pang'ono paphewa. Kenaka atalikitse mapazi, apinde mawondo. Mnzake amkankhenso. Kodi waima bwino liti?

Mzere. Lembani mzere wautali pansi ndi kamtengo. Yendani pamzerepo, buku lili pamutu. Yang'anani patsogolo.

Mbuzi paculu. Pezani kamtunda kakang'ono kouma. Kwerani cam'mbali, mukuponda ndi mphepete ya phazi. Tsikaninso cam'mbali. Aphunzitsi kapena munthu wamkulu akhale pafupi.

Njira ya S. Ikani miyala isanu pamzere, motalikirana. Yendani mokhotakhota pakati pa miyalayo. Yang'anani mapazi anu kumbuyo. Mwalemba lembo lanji?

10. Tiwerenge ndi kuyankha

Werengani mawu awa mokweza:

pha-zi, kha-su, mbu-zi, ndo-wa, nji-nga, bo-ndo, phi-ri, ma-to-pe

Yankhani mafunso awa:

a) Cimagwa msanga ndi citi, botolo kapena mphika? Cifukwa ciyani?
b) Khasu limaluma dothi likakhala bwanji?
c) Chulani alonda atatu a thupi.
d) Munthu wotsika copingasa amalemba lembo lanji?
e) Cigubu ca malita 20 cimalemera makilogalamu angati?
f) Mukaterera muli ndi ndowa pamutu, mucite ciyani?

Jambulani phiri m'kope lanu. Jambulani njira ya Z kucokera pamwamba mpaka pansi.

Kwa makolo

Nkhani iyi ndi yaitali kwa mwana wa kalasi yoyamba. Muwerengereni gawo limodzi patsiku, kapena mkulu wake amuwerengere inu mukumvetsera. Mukatha, tulukani naye panja. Muonetseni khasu, ciboda ca mbuzi ndi mano a tayala. Mwana amagwira msanga cinthu cimene wakhudza ndi manja.

Nyengo ya mvula isanayambe, yendani naye njira imene amadzera popita kusukulu ndi kumadzi. Muonetseni malo oterera. Pamene patsetsereka kwambiri, gwirizanani ndi anansi anu kukumba masitepe ndi khasu, kuika miyala ndi kubzala udzu m'mbali. Kumbani kangalande kopatutsa madzi, kuti njira isasanduke cigwembe.

Musamsenzetse mwana katundu woposa msinkhu wake. Musamtume kumtsinje kapena kudambo mvula ikugwa, kapena kukada. Mwana wamng'ono asapalase njinga ya akuluakulu pamtsetse, cifukwa zala zake sizifika bwino pa mabuleki. Timphira ta mabuleki tikatha, gulani tina musananyamule katundu kapena munthu. Mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi zimene zimaonongeka pangozi. Amene angathe kupeza cisoti coteteza mutu, acivale ndi kuveka mwana.

Mwana akagwa, muyang'anitsitseni. Cilonda cicapidwe ndi madzi oyera ndi sopo. Ngati mkono kapena mwendo watupa, wapindika, kapena mwana sakufuna kuugwiritsa nchito, musaukoke ndipo musautsine. Utsamiritseni pa kathabwa, muumange mofatsa ndi nsalu, n'kupita naye kucipatala. Ngati wagunda mutu, kenaka n'kusanza, kukomoka, kusokonezeka kapena kuodzera modabwitsa, thamangani naye kucipatala nthawi yomweyo, ngakhale kunja kusaoneke bala. Ngati akudandaula khosi kapena msana, musampinde pomunyamula. Agone cowongoka pa thabwa kapena pa citseko, mutu utagwiridwa kuti usagwedezeke.

Mwana amatsika monga amaonera akulu ake akutsika. Mukamayenda naye pamtsetse, cepetsani liwiro, mumlole aponde pamene mwaponda inu.